Lipoti la msonkhano wa ku Salts Mill, Saltaire

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse, zikomo kwambiri pondituma kukaimira gulu lathu pa msonkhano wa magulu amene akufuna kugwiritsanso ntchito nyumba zakale za mafakitale. Tinakumana Loweruka ku Salts Mill, m'mudzi wa Saltaire pafupi ndi mzinda wa Bradford ku England.

M'mawa anatiyendetsa m'nyumbamo uku akutifotokozera mbiri yake. Mwini wake woyamba anali Titus Salt, ndipo anaitsegula pa 20 Seputembala 1853, tsiku limene ankakwanitsa zaka 50. Munkawombedwa nsalu za ubweya, makamaka wa alpaca (nyama ya ku South America yokhala ndi ubweya wofewa), ndipo antchito anali pafupifupi 3,000. Salt anawamangiranso nyumba, tchalitchi, sukulu ndi chipatala m'mbali mwa mtsinje wa Aire. Dzina loti Saltaire linachokera pomwepo: dzina lake ndi la mtsinjewo. Makina anasiya kulira mu 1986, chinyumba chonse n'kutsala bwinja.

Chimene ndabwera nacho kwenikweni ndi zimene anachita wabizinesi wina, Jonathan Silver, atagula nyumbayi mu 1987. Sanadikire kuti ndalama zokonzera paliponse zipezeke. Chaka chomwecho anatsegula chipinda chimodzi chapansi, n'kuchitcha 1853 Gallery, n'kupachikamo zojambula za David Hockney, mwana wa ku Bradford komweko. Ndinakhalitsa m'chipindamo mpaka anzanga kuchita kundiitana. Mizati yachitsulo ya nthawi ya fakitale ikadali chiimire, pansi ndi miyala yomwe ija imene ankapondapo owomba nsalu, ndipo pakati pa zojambulazo ayala matebulo a mabuku, penti ndi mapepala ogulitsa. Sanabise kuti munali fakitale, ndipo n'zimene zinandigwira mtima.

Kulowa ndi ulere. Nditafunsa kuti nanga nyumba yonseyi imadzisamalira bwanji, anati mbali zina amachititsa lendi kwa makampani, masitolo ndi malo odyera. Kampani ya zamagetsi ya Pace inakhalamo zaka zambiri. Silver anamwalira mu 1997, asanaone UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, ikuika Saltaire pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2001.

Masana tinakambirana zovuta. Aliyense woyankhula ankabwerera pa denga lodontha, inshuwalansi, ndi chilolezo cha khonsolo, poti nyumba yotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha mbiri yake suisintha mwachisawawa, ngakhale zenera.

Ife takhala zaka ziwiri tikunena kuti tidzayamba tikadzapeza holo yathuyathu, pamene makina osokera a amayi athu akuchita dzimbiri m'magalaja. Ndikupempha kuti tifunefune chipinda chimodzi chalendi mu imodzi mwa mafakitale akale a kuno, tiikemo makinawo ndi kalasi ya Chichewa ya ana. A mlembi, chonde muike nkhaniyi pa ndandanda wa msonkhano wa mwezi wamawa. Malisiti a sitima ndapereka kale kwa a msungichuma.