Dandaulo pa injini ya boti ndi zida zachitetezo zimene munandigulitsa

Chembe, Mangochi

Kwa Oyang'anira Sitolo,

Zikomo bwana,

Mwezi watha ndinagula kwa inu injini ya boti ya 40 horsepower, chozimira moto ndi majekete oyandamitsa munthu m'madzi. Anyamata anu ananditsimikizira kuti zonse zili m'malo mwake ndipo a Marine, nthambi ya boma yoyang'anira maboti, sakandivuta. Lero boti langa lili pamchenga, chifukwa woyendera maboti wochokera ku Monkey Bay wakana kulipatsa chiphaso.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi chingwe chozimitsira injini. Chingwe chofiira chija woyendetsa amachimanga padzanja kapena pamwendo, kuti akagwera m'madzi kapulasitiki kakumapeto kasololoke pa switchi, injini n'kuzima pompo. Woyendera uja atalizitsa injini anakoka chingwecho, kapulasitiki kanachoka, koma injini inangopitiriza kulira. Atatsegula chivundikiro tinapeza waya wa switchiyo wodulidwa, nsonga yake atakulunga ndi tepi yakuda. Ameneyo ndi munthu anachita dala. Inu amene mumagulitsa injini mukudziwa kuti boti lopanda woligwira limayamba kuzungulira lokha, n'kubwerera pomwe pali munthu wagwayo pulopela ikutembenuka.

Ine ndimanyamula alendo kupita kuzilumba za Thumbi ndi Domwe, nthawi zina ndi ana omwe. Mwera ukayamba mu Juni, mafunde amatha kumuponya woyendetsa ngakhale wozolowera nyanja. Mukanafuna kuti ndizindikire vutoli pamenepo?

Chozimira moto nachonso singano yake ili pofiira, kutanthauza kuti mphamvu inatha kale, chonsecho tanki ya petulo imakhala pamapazi pa anthu. Majekete ena malamba ake akuthothoka pongowakoka.

Lamulo la Inland Waters Shipping Act limafuna kuti boti lonyamula anthu liyenderedwe ndi kupatsidwa chiphaso, ndiye popanda chiphasocho sindingagwire ntchito, pomwe ngongole ya injiniyi ikundidikira. Ndikaimba foni kusitolo kwanu amangoti makaniko wachokapo.

Ndikupempha kuti mundipatse injini ina yoti switchi yake ikugwira ntchito, osati kungolumikiza waya wodukayo, musinthe chozimira moto ndi majekete, ndipo mtengo wonyamulira katunduyu ukhale wanu. Mukapanda kundiyankha pasanathe masiku 14, nkhaniyi ndiitengera ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula, pamodzi ndi lisiti komanso zithunzi za wayayo.

Ine kasitomala wanu,
Mwini boti wa ku Chembe