Poizoni sathetsa vuto la mileme m'nyumba

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mileme imene imakhazikika kudenga, chifukwa anthu ambiri amathamangira kuthira poizoni, zomwe zimangosiya mileme yakufa ikuwola m'siling'i pamene mipata yolowera ikadali yotsegula.

Mwininyumba aime panja dzuwa likangolowa kuti aone pamene mileme ikutulukira, popeza ina imakwana pa kampata kongolowa chala. Mipata ina yonse itsekedwe ndi matabwa kapena simenti, koma pa mpata waukuluwo pakhomedwe neti yolendewera, yosamanga m'munsi, kuti mileme izituluka n'kulephera kubwerera. Pakatha sabata, nawonso utsekedwe. Ntchitoyi isachitike ana a mileme asanayambe kuuluka, pakuti amafera m'katimo ndipo fungo lake n'losapiririka. Ndiponso n'kupheranji nyama imene usiku wonse imadya udzudzu ndi tizilombo tina?

Fumbi la zitosi zouma lingayambitse matenda a m'mapapo otchedwa histoplasmosis, choncho zinyowetsedwe kaye, wosesayo atavala magolovesi ndi chophimba pakamwa ndi mphuno. Wolumidwa ndi mleme atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala, chifukwa mileme ina imafalitsa chiwewe.

Ndine,
Wowerenga wanu