Lipoti la msonkhano wa kafukufuku wa khansa ya m'magazi

Apampando ndi mamembala nonse,

Munandituma ku Lilongwe kukamva mmene odwala khansa ya m'magazi amalowera mu kafukufuku wa mankhwala. Nazi zimene ndabwera nazo.

Nkhani yaikulu inali ya kuchedwa. Munthu amatupa mwanabere m'khosi kapena m'khwapa, akutuluka thukuta usiku ndi kuonda, ndipo nthawi zambiri amayamba wapatsidwa mankhwala a TB. Miyezi imatha. Pofika pamene madokotala amudula kanyama kukapima, amakhala atafooka kale, ndipo kafukufuku satenga munthu wofooka kwambiri.

Anatipatsa chitsanzo cha kafukufuku wa UNC Project, bungwe logwirizana ndi yunivesite ya North Carolina ya ku America, pa chipatala cha Kamuzu Central, kuyambira 2016 mpaka 2019, woyesa kuphatikiza mankhwala otchedwa rituximab ku mankhwala ena a lymphoma, khansa ya m'magazi yotupitsa mwanabere. Anthu 76 anaunikidwa, oyenera kulowa anapezeka 37. Ankafuna azaka 18 mpaka 60, ndipo amene ali ndi HIV chitetezo chawo chinkayenera kukhala cha CD4 (chiwerengero cha maselo oteteza thupi) yosachepera 100. Chinandilimbitsa mtima n'chakuti anzathu a HIV sanatsekeredwe kunja. Mwa olowawo iwo ndi amene anali ambiri.

Tinakhalitsa pa nkhani ya magazi. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Mayi akaona namwino akudzaza timabotolo ndi magazi a mwana wake wodwala Burkitt lymphoma (mtundu wa lymphoma wofala mwa ana), tsaya litatupa, mantha ake si achibwana. Ine ndinapempha kuti azimuuza pomwepo, m'Chichewa, magaziwo ndi ochuluka bwanji, akupita kuti, ndipo asungidwa mpaka liti.

Za chilolezo ndi izi: chikalata chimawerengedwa chonse, wosatha kulemba amadinda chala pamaso pa mboni, kwa mwana amavomera kholo. Wokana kapena wotulukira panjira salandidwa chithandizo cha nthawi zonse. Kafukufuku aliyense amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona kuti olowa mu kafukufuku akutetezedwa, monga NHSRC kapena COMREC. Ndalama imene amapereka ndi yobwezera ulendo, si malipiro, ndipo chonde tisamaitchule ngati nyambo.

Maganizo anga ndi akuti ife tisakhale okopa anthu kapena kulonjeza kuti achira. Ntchito yathu ikhale kufulumizitsa munthu wa chotupa chosaphwa kuti akapimidwe, ndi kumuperekeza akamawerengeredwa chikalata. Ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tiitane alangizi a zaumoyo ndi mafumu, komanso tisankhe operekeza awiri, mayi ndi bambo.