Otsatsa malonda ndiwo agwira chiwongolero cha wailesi za kanema

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa momwe chiwerengero cha owonera ndi ndalama za otsatsa malonda zimaumbira mapulogalamu a pa kanema, makamaka ku America kumene mchitidwewu unazika mizu kalekale.

Kumeneko kampani ya Nielsen imaika timakina tolemba zimene anthu akuwonera m'nyumba zosankhidwa, ndipo kuchokera pa nyumba zimenezo imayerekezera kuchuluka kwa owonera m'dziko lonse. Mwezi wa Meyi, wailesi monga ABC, CBS ndi NBC zimasonkhanitsa otsatsa malonda ku New York n'kuwagulitsiratu nthawi yolengezera katundu. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti otsatsawo amalipira kwambiri pofuna anthu a zaka 18 mpaka 49, kotero sewero lokondedwa ndi agogo likhoza kuthetsedwa ngakhale owonera ali khwimbi, monga inachitira CBS mu 1971 pochotsa masewero angapo a moyo wakumudzi.

Ngakhale kalembedwe kamagonjera malonda. Pa ola lathunthu, sewero lenilenilo limangotenga mphindi pafupifupi 42, ndipo wolemba amadula nkhani pamene mayi wangotsegula chitseko, maso ali tong'o, kuti wowonera asagwire rimoti mpaka zotsatsa sopo ndi galimoto zitadutsa.

Mpikisano unakula wailesi ya kanema ya Fox itayamba mu 1986, ndipo lero kuli YouTube ndi Netflix. Ine ndinkayembekezera kuti olemba apumako poti Netflix inalibe zotsatsa malonda, koma mu 2022 Netflix nayo inayambitsa mtengo wotsika wokhala ndi zotsatsa malonda. Wailesi zakale, poona owonera akubalalika, zakakamira pa mpira ndi mipikisano yoimba, chifukwa zimenezi anthu amaziwonera pomwe zikuchitika ndipo sadumpha zotsatsazo.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa