Mmisiri ayambe wadikira, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Zomba tili bwino, kupatula bondo la amayi ako lija lomwe limavuta kukazizira. Ndamva kuti ndalama ya simenti watumiza kale kwa alamu ako, ndipo mmisiri akufuna kukumba faundeshoni mwezi wamawa. Muuze ayambe wadikira.

Kalata ya amfumu imene uli nayo ndinaiwerenga. Imangosonyeza kuti unapereka ndalama pamaso pa mboni, koma chilolezo chomanga mulibemo. Puloti yako ili mkati mwa mzinda wa Blantyre, ndipo malo ambiri mumzinda ali m'manja mwa Unduna wa Malo, Malawi Housing Corporation kapena khonsolo. Uyambe wadziwa kuti ako ndi a yani, ndiponso ngati amene anakugulitsa ali ndi lizi m'dzina lake. Malo okhalamo nthawi zambiri lizi yake imakhala ya zaka 99. Asaveya abwerenso adzakuonetse mabikoni, chifukwa malire olozerana ndi chala adanitsa anthu ambiri.

Ukathana nazo zimenezo, pamabwera pulani. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti munthu asanamange alandire chilolezo. Upeze wodziwa kujambula mapulani, ajambule nyumba yeniyeniyo komanso mmene idzakhalire papulotipo: kutalikirana kwake ndi msewu, ndi malire a aneba, pomwe padzakhale chimbudzi ndi dzenje lake, ndi kolowera madzi a mvula. Mapepalawo apite kumaofesi a khonsolo ya mzinda ku Civic Centre ku Chichiri, ulipire pakauntala, risiti usunge. Amawaona ndi mainjiniya, a zaumoyo ndi ena, kenako komiti imakhala pansi. Akhoza kukubwezera kuti ukonze zina. Usakhumudwe, kufufuta mzere papepala n'kotchipa kuposa kugumula khoma.

Kumachedwa, ndikudziwa, ndipo inenso kuchedwako sikundisangalatsa. Pachifukwa chimenechi pakhomo pa maofesi sipasowa madobadoba okulonjeza chidindo sabata yomweyo. Ukakhala ku Johannesburg amakuona ngati mtengo wa ndalama. Chilichonse chopanda risiti usapereke.

Unanenanso zoika kashopu kutsogolo ndi zipinda za lendi kuseri. Zimenezo uzinene panopa, zilowe mupulani. Malo olembedwa kuti ndi okhalamo sungangowasandutsa a bizinesi, pamafunika chilolezo chake. Mnzanga wina wa kutchalitchi anamanga golosale moyandikira msewu, ati aliyense akutero. Tsiku lina m'mawa anapeza khoma lake litalembedwa mtanda wofiira wa penti, utoto ukuyenderera mpaka pakhonde. Ogumula atabwera ndi chigalimoto chogumulira, mnzangayo anangopulumutsa zitseko ndi malata. Chipukuta misozi sanalandire, pakuti anamanga pamalo a msewu. N'chimodzimodzi pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena pamwamba pa mapaipi a madzi.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi chithunzi unanditumizira chija. Ndaona kutsetsereka, ndaonanso kakhwawa kumunsi kwake. Iwe unali kunja mu Marichi 2023 pomwe namondwe Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ali mkati. Ambiri mwa iwo anamanga kumtunda chifukwa kwina kunalibe malo, sindikuwanyoza. Iwe mwayi wofunsa uli nawo. Akakuuza kuti pamenepo sipomanga, ndalama ya puloti tidzalimbana ndi wogulitsayo, koma adzukulu anga asakagone pakhwawa.

Alamu ako uwauze ndalamayo aisunge kubanki, simenti asagule, ingaume m'matumba nyengo ya mvula ino. Unditumizire mapepala onse pa WhatsApp. Lachiwiri ndikwera minibasi kupita ku Blantyre, ndikafunse kuofesi ya malo, ndikaonenso kakhwawako ndi maso anga. Amayi ako akuti uwagulire mankhwala opaka aja ukamabwera pa Khirisimasi.

Ndine,
Bambo ako