Ukwati ukatha tisamangoti ndi zam'banja

Akonzi,

Ndalemba mtima ukuwawa chifukwa cha mayi wina wam'mudzi mwathu amene waphedwa ndi mwamuna yemwe anasiyana naye kale. Ukwati unatha kukhoti koma bamboyo sanavomereze ayi, ankamudikirira panjira yakudimba, usiku nkumamuimbira foni kuti ng'ombe zanga za lobola zibwere apo ayi uona, ndipo tonsefe tinkamva koma tinkangoti ndi zam'banja izo. Pano ana akugona kwa agogo awo, wamng'ono sanasiye nkuyamwa komwe.

Kuno kuchigwa cha Shire nkhani ya lobola njovuta, makamaka kwa Asena poti ana amawerengedwa kuchimuna, ndiye mkazi akachoka mkangano umatsalira pa ng'ombe ndi ana, ankhoswe nkumangoti pirirani mayi, banja ndi kupirira. Apirire mpaka afe?

Malamulo alipo abale. Loletsa nkhanza za m'banja la Prevention of Domestic Violence Act la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa woopsezayo kuyandikira mnzake, la maukwati la 2015 nalo limati khoti ndi lomwe ligamule za katundu ndi ana. Koma mayi wa ku Makhanga madzi a Shire ndi Ruo atasefukira akafika bwanji kwa majisitireti, ndalama ya bwato aitenga kuti?

Pempho langa kwa apolisi a nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mayi akabwera kuti akundiopseza woopsezayo mulembeni mlandu pompo, nawo mafumu athu nkhani ya kuopsezana aziitumiza kupolisi tsiku lomwelo osati kuitchola ndi chindapusa cha mbuzi.

Wokhudzidwa,
Ngabu