Lipoti la Msonkhano wa Utsogoleri wa Agile ndi Kukonza Kayendetsedwe ka Ntchito

Mayi Wapampando, a komiti ndi mamembala anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhanowu ndi mafunso awiri. Loyamba linali lakuti kodi munthu wosadziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta angathe kulowa ntchito yotsogolera timu ya agile, kutanthauza timu yogwira ntchito m'zigawo zazifupi n'kumasintha malinga ndi zomwe zaoneka. Lachiwiri, ndalama za thumba lathu la maphunziro tilipirire satifiketi iti. Loyambalo ndikuyankha kuti inde, n'zotheka. Pa lachiwiri ndikupempha kuti tiyambe tadekha, chifukwa maganizo omwe ndinapita nawo si omwe ndabwera nawo.

Ambirife timayesa kuti nkhani zonsezi zinabadwira m'makompyuta. Si choncho. Luso lokonza kayendetsedwe ka ntchito linakulira m'mafakitale a Toyota ku Japan nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo amene anaika mtima kwambiri pa izi anali Taiichi Ohno. Iye anatchula njira 7 zomwe ntchito imawonongera nthawi ndi chuma, monga kudikirira, kupanga zinthu zoposa zofunika, kuunjika katundu ndi kukonzanso zomwe zinalakwika. Kanban (kuonetsa pa makadi kapena pa bolodi pomwe ntchito iliyonse yafika) ndi kaizen (kukonza zinthu pang'onopang'ono mosalekeza) ndi mawu ochokera kumeneko. Dzina lakuti agile linakhazikika mu Febuluwale 2001, pamene anthu 17 opanga mapulogalamu anakumana ku Snowbird m'dera la Utah ku America n'kulemba mfundo zazikulu 4 ndi zina 12 zozitsatira. Scrum, imodzi mwa njira zogwirira ntchito mwa agile, ndi yakale kuposa pamenepo: Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995, ndipo kalozera wake, Scrum Guide, anamukonzanso mu 2020.

Mmene Scrum imayendera sizovuta kuloweza. Timu imakhala ya anthu 10 kapena ocheperapo. Ntchito amaidula m'zigawo zotchedwa sprint, chilichonse chosapitirira mwezi umodzi. Tsiku lililonse timu imakumana mphindi 15, ndipo sprint ikatha amaonetsa zomwe apanga, kenako amakhala pansi okhaokha kukambirana zomwe zayenda bwino ndi zomwe zavuta. Kukhala pansi kumeneku amati retrospective.

Povuta ndi pa udindo womwe ambiri mwa ife tikuufuna, wa Scrum Master. Munthuyu sagawa ntchito. Sasankha chomwe chiyambe kupangidwa, chifukwa imeneyo ndi mbali ya membala wina wa timu, wotchedwa Product Owner. Alibe mphamvu yochotsa kapena kukweza aliyense. Ntchito yake ndi kuona chomwe chikutsekereza anzake n'kuthandiza kuti chichoke, kuphunzitsa timu kudziyendetsa yokha, ndiponso kulankhula ndi akuluakulu a kampani pamene iwo eni ndi omwe akuchedwetsa zinthu. Apa ndinakhudzidwa kwambiri. Ndakhala kapitawo zaka zambiri, ndipo ndinazolowera kufunsa munthu aliyense kuti wafika pati. Pa zoyeserera zomwe tinachita m'magulu, anandipatsa kutsogolera msonkhano wa mphindi 15 uja, ndipo posakhalitsa onse anali kuyang'ana ine, kupereka malipoti ngati kwa bwana. Wotiphunzitsa anandiuza ndiime kumbuyo, ndikhale chete, ndimvetsere. Anthu aja anayamba kulankhulana okha, ndipo m'pamene zinadziwika kuti awiri ankadikirana popanda wina kudziwa. Chizolowezi cha ukapitawo chimenechi ndicho ife ochokera m'maofesi tidzalimbana nacho, kuposa mayeso aliwonse.

Choyeserera china ndikufuna tidzachichite tokha. Anthu asanu anakhala pamzere, aliyense kusaina mapepala n'kupatsira mnzake. Ulendo woyamba munthu ankamaliza mulu wonse asanapatsire. Ulendo wachiwiri ankapatsira limodzilimodzi. Palibe amene anafulumizitsa dzanja, komabe pepala loyamba linafika kumapeto msanga kwambiri, ndipo mulu wonse unathanso msanga. Ntchito zambiri m'maofesi mwathu zimachedwa motere: zimagona pa tebulo kudikirira siginecha, pomwe anthu ali kalikiliki ndi zina khumi zomwe anayamba osamaliza. N'chifukwa chake pa bolodi la kanban amaika malire a ntchito zomwe zingakhale zoyambidwa pa nthawi imodzi.

Tsopano za masatifiketi. CSM (Certified ScrumMaster) ya bungwe la Scrum Alliance imafuna kuti munthu aphunzire kaye kwa mphunzitsi wovomerezeka, ndipo imakonzedwanso zaka 2 zilizonse. PSM I (Professional Scrum Master I) ya bungwe la Scrum.org sikakamiza kulowa m'kalasi: munthu amawerenga yekha n'kulemba pa intaneti mafunso 80 m'mphindi 60, ndipo kuti akhoze ayenera kupeza 85 pa 100. Imeneyi siitha mphamvu. Kwa okonda manambala palinso Six Sigma, njira yochepetsa zolakwika pa ntchito poyeza ndi manambala, yomwe inayambira ku kampani ya Motorola m'zaka za m'ma 1980; masatifiketi ake amatchedwa malamba, monga obiriwira ndi akuda. Imeneyi ndikuona kuti ingawayenere anzathu a ku akaunti ndi osunga katundu.

Koma olemba anthu ntchito omwe analankhula nafe sanabise kuti pepala lokha siliwakopa. Amafuna munthu wofotokoza ntchito yeniyeni yomwe inkachedwa, mmene anayezera kuchedwako, chomwe timu inasintha, ndi zomwe zinatsatira, ngakhale zitakhala kuti kuyesa koyamba kunalephera. Ananenanso kuti m'makampani ena udindo wa Scrum Master pawokha ukuphatikizidwa ndi maudindo ena oyendetsa mapulojekiti. Izi zinandidetsa nkhawa, ndipo ndaona kuti ndi bwino muzimve mmene zilili wina asanasiye ntchito yomwe ali nayo. Chondilimbitsa mtima n'chakuti aphunzitsi, anamwino ndi alembi omwe tili nawo m'gulu lino ali kale ndi luso lomwe ntchitoyi imafuna: kumvetsera, kuyanjanitsa anthu osemphana, ndi kufunsa chifukwa mpaka gwero la vuto litaoneka.

Pempho langa ndi ili, Mayi Wapampando. Thumba lija tisalikhudze kwa miyezi 3. M'nthawi imeneyi aliyense wofuna kusintha ntchito asankhe chinthu chimodzi chomwe chimachedwa komwe akugwira, apemphe chilolezo kwa abwana ake, aike bolodi, ndipo alembe masiku omwe ntchito iliyonse ikutenga kuchokera poyamba mpaka kumaliza. Tizikumana masabata 2 aliwonse kuchita retrospective yathu, kutsogolera mosinthana. Amene adzafike kumapeto ndi zolemba zake m'manja, ameneyo timulipirire mayeso, ndipo ine ndikanasankha PSM I poti tingawerengere limodzi. Ngati komiti ivomereza, ndidzabweretsa mapepala a choyeserera chija pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo ndidzafuna anthu asanu odzipereka kukhala pamzere.

Ndine nthumwi yanu.